Lipoti la msonkhano wa za AI umene munandituma uja

Mamembala anzanga, ndabwerako, pepani lipoti lachedwa. Popita ndimaganiza kuti tikamva za maroboti olanda dziko, koma ayi ndithu, nkhani yonse inali ya mavuto amene AI (mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu) imabweretsa popanda munthu aliyense kufuna kuti zitero.

Imene yandikhalabe m'mutu ndi ya ku Netherlands. A msonkho kumeneko ankagwiritsa ntchito kompyuta posankha anthu oti awafufuze pa ndalama zothandizira makolo kulipira kosungitsa ana, ndiye makinawo ankatenga kukhala nzika ya mayiko awiri ngati chizindikiro choti munthu akhoza kuba, mabanja masauzande ambiri osalakwa anauzidwa kuti abweze ndalama zonse, ena ngongole mpaka m'khosi, maukwati kutha, mapeto ake mu Januwale 2021 boma lonse la nduna yaikulu Mark Rutte linatula pansi udindo. Komatu iwo cholinga chawo chinali kugwira akuba basi.

Anatchulanso kampani ya Amazon, kuti inataya pulogalamu yake yosefa ma CV itaona kuti ikumagwetsa a akazi. Chifukwa chake? Inaphunzira pa ma CV a zaka 10 zam'mbuyo, ambiri a amuna, ndiye inangotengera.

Za malamulo sindichulutsa, zinali zamapepala kwambiri. UNESCO, nthambi ya United Nations, inagwirizana mfundo zake za AI mu 2021, EU (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) ili ndi lamulo lotchedwa AI Act kuyambira mu 2024 lomwe limakhwimitsa kwambiri pa zinthu ngati kulemba anthu ntchito, nayo African Union inavomereza ndondomeko yake chaka chomwecho.

Pagulu lokambirana mayi wina anafunsa kuti makina akandikana ine ndikadandaule kwa ndani, poti wa pa desiki amangoti "ndi sisitimu"? Tonse zii. Otsogolera anazungulirazungulira koma kunena zoona yankho lenileni sindinalimve, ndipo apa mpamene ndinakumbukira ganizo lathu lija loti AI izitisefera mafomu a ofunsira thandizo.

Ine sindikuti tisiye, ntchito ija imatitopetsa tonse. Koma fomu iliyonse imene makina akana pazikhala munthu woiwerenganso, dzina lake lidziwike, ndipo ofunsirawo tiziwauza poyera kuti tagwiritsa ntchito AI komanso kumene angadandaule. Nanga manambala ndi ma ID a anthu amene tiziika mmenemo akasungidwa kuti? Amene akutigulitsa pulogalamu aja ayankhe kaye zimenezi tisanasaine chilichonse.

Alembi, chonde muiike pa ajenda ya mkumano ukubwerawu.