Kalata yotseguka kwa a khansala a dera lathu kuno ku Johannesburg: titsegulireni holo usiku

A khansala, moni. Ndalemba poyera chonchi poti makalata awiri amene tinasiya ku ofesi kwanu mu Meyi mpaka lero zii, pa WhatsApp mumangowerenga osayankha.

Ine ndimalawira 4 koloko kupita kuntchito ndipo ndimadutsa pansi pa mlatho pomwe pamagona bambo ena achikulire, imvi mbuu, msinkhu wa bambo anga ndithu. Lachiwiri ndinawapeza atadzikulunga m'makatoni ndi mapulasitiki akuda aja otayira zinyalala, kachitini kawo kamoto katazima kalekale. Ndinawathirira tiyi wa m'fulasiki mwanga koma zala zinakana kugwira kapu, zitauma gwa, ndiye ndinachita kugwada n'kuwamwetsa ngati mwana tiyi akuchucha m'ndevu, akufuna kunena zikomo koma mano akungogundana. Ndinakwera takisi misozi ili m'maso.

Kuzizira kwa Joni mu Juni ndi Julayi mukukudziwa, usiku kumafika pa 0 mwinanso kutsikirapo, pa 10 Julayi 2023 mpaka kunagwa sinowo. Anthu akasowa pogona amakadzipanikiza m'nyumba zosiyidwa za m'tauni, makandulo, mbaula, nthambo zamagetsi zili lendelende. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, Amalawi anzathu ali momwemo. Sitinaiwale ayi.

Ndimakulemekezani bwana, ndikudziwa si zonse zili m'manja mwanu. Komatu mu 2020 nthawi ya lokodawuni anthu a mumsewu anapezeredwa malo m'masiku ochepa chabe, ndiye zimatheka! Inunso pa kampeni munaima pakhomo pa tchalitchi chathu n'kulonjeza malo ogona, tinaomba m'manja, nyengo yozizira yabweranso palibe ngakhale bulangete limodzi. Mukudikira chani kodi, mtembo?

Holo ya dera lathu imangokhala yokhoma usiku wonse. Itseguleni kuyambira 6 koloko madzulo mpaka m'mawa, kufikira kumapeto kwa Ogasiti, muike matiresi, mabulangete ndi mlonda, pakhomo pasakhale zofunsa mapepala kaya munthu ndi wa konkuno, Mmalawi kapena Mzimbabwe. Amayi a kutchalitchi kwathu avomera kale kuphika phala, ife abambo tizisesa ndi kukolopa m'mawa uliwonse. Chatsala ndi kiyi basi, ndipo tikumufuna sabata ino chonde.

Ine wokhala m'dera lanu.