Tisunge mbiri ya odwala shuga m'makompyuta

Akonzi,

Ndikugwirizana ndi akatswiri amene akuti matenda a shuga tiziwalondola ndi masamu, koma ziwerengero zake zichokere kwa odwala athu omwe.

Ndimasamalira mayi anga kuno ku Salima, ndipo ndaona kuti shuga amawononga mwakachetechete. Dzanzi kumapazi, maso kuchita chimbuuzi, impso kufooka, kenako chilonda chosapola chimene ena chimawadulitsa mwendo. Ku Britain, kafukufuku wa UKPDS anatsatira odwala oposa 5,000 pakati pa 1977 ndi 1997. Pa zimene anapezazo anapanga masamu olosera kuti munthu wa zaka zakuti, BP yakuti, ali pa chiopsezo chotani cha mtima, sitiroko kapena khungu. Komatu anthu aja sadalira nsima ngati ife, ndipo ankawayamba kuwatsatira atangowapeza ndi matendawa. Kuno ambiri amapezeka nawo atalowerera kale.

Kuno nthawi zambiri mbiri ya wodwala imangokhala m'kabuku kake ka kuchipatala. Kakanyowa kapena kutayika, zonse zapita.

Unduna wa Zaumoyo uzilemba odwala shuga m'makompyuta monga umachitira ndi a ma ARV. Wodwala aliyense aziyezedwa maso, mapazi ndi mkodzo kamodzi pachaka, zotsatira zake zizisungidwa.

Wowerenga,
Salima