Lipoti la msonkhano wa pa Boma wokhudza malamulo a kusuta fodya

A Wapampando, a komiti, amayi ndi abambo anzanga ochita malonda pano pa Limbuli,

Munandituma Lachinayi lapitali kuti ndikakhale khutu lanu ndi pakamwa panu pa zokambirana za fodya zomwe zinachitikira pa Boma. Ndalemba lipotili kuti ngakhale omwe anali ku Milange, ku Mozambique, kokaoda katundu aliwerenge tisanakumane.

Ndiyambe ndi kuchotsa mantha. Mphekesera yomwe inamveka mumsika yoti kugulitsa ndudu kwaletsedwa ndi yabodza. Palibe lamulo lomwe linakhazikitsidwa tsiku limenelo. Anatiitana kuti amve maganizo. Panali a zaumoyo, mafumu, a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi, oyendetsa minibasi, eni malo omwera, alimi ochepa ndi ife a maokala ndi magolosale.

Gwero la nkhaniyi ndi pangano lochepetsa kusuta fodya la bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse. Linavomerezedwa mu 2003 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2005, koma dziko lathu linalowamo mu 2023. Kuchedwako chifukwa chake tonse tikuchidziwa: mabelo amene amagulitsidwa ku Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu ndi amene amabweretsa ndalama zakunja zambiri kuposa mbewu ina iliyonse, kuposa ngakhale tiyi wathu yemweyu. Panganoli sililetsa kulima fodya. Likufuna kuti boma liteteze anthu ku utsi, liletse kugulitsa kwa ana, lichenjeze pa mapaketi, likweze msonkho, ndiponso lithandize alimi kupeza mbewu zina.

Mayi wina wa zaumoyo anafotokoza mwachifatse zomwe utsi umachita m'thupi. Chimene chimamanga munthu kuti alephere kusiya ndi nikotini, koma chowononga kwambiri ndi phula ndi mankhwala ena a mu utsiwo, omwe pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. WHO imati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa amenewa sanasutepo, anangopuma utsi wa ena. Wosuta akadwala TB, matendawo amamugwira mwamphamvu. Apa ine ndinangoti chete, chifukwa malume anga anasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata wothyola tiyi, ndipo zaka zawo zomaliza ankagona chokhala, mpweya ukuwathawa. Azakhali, omwe sanaikepo fodya pakamwa, mpaka lero amatsokomola usiku. Choncho wina asaganize kuti ndinapita kukateteza ndudu.

Pa mfundo ziwiri panalibe mkangano. Kusuta m'minibasi, m'chipatala, pasukulu, m'maofesi ndi m'malo odyera kuletsedwe; dziko la Ireland linachita zimenezi m'malo onse antchito mu 2004 ndipo malo omwera mowa sanatsekedwe. Kugulitsa fodya kwa mwana wosakwana zaka 18 kuletsedwenso. Zonse ziwiri ndinazivomera m'dzina lanu.

Mkangano unabuka pa mfundo yoletsa kugulitsa ndudu imodzi-imodzi. Ili m'panganolo, pa gawo 16, ndipo cholinga chake n'chomveka: mwana wa sukulu sangakwanitse paketi, koma ndudu imodzi amaigula ndi ndalama ya mandasi. Mphunzitsi wina anati anyamata a Fomu 2 amayambira pomwepo. Sindinamutsutse, popeza timawaona. Koma ndinafunsa kuti kodi ndani pa Limbuli amagula paketi yathunthu? Wa kabaza amagula imodzi masana, wa ganyu imodzi akalandira ya tsikulo. Mukamukakamiza kugula paketi, ndalama ya ndiwo yapita, ndipo munthu amene ankasuta ziwiri patsiku tsopano ali ndi 20 m'thumba. Akakanika paketiyo, abwerera ku chingambwe cha pa mphasa, chokulunga m'pepala la kope, chopanda chenjezo komanso chopanda msonkho. Wolangidwa adzakhala mayi wa okala, amene amaoneka, pomwe wogulitsa m'thumba la jekete palibe adzamugwire.

Ena anapitirira pamenepo. Mkulu wina wa mpingo anati boma lingotseka malonda onse a fodya wosuta, ngakhale wofwenkha wa agogo athu, ndipo wopezeka akusuta pakhonde pake alipitsidwe. Anaomberedwa m'manja. Koma bambo wina amene anali ku Johannesburg mu 2020 anaima n'kusimba zomwe anaona boma la South Africa litaletsa kugulitsa fodya nthawi ya Covid-19, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Ogasiti. Anthu ambiri sanasiye. Ankagula mobisa pamtengo wokwera kangapo, ndalama n'kumalowa m'matumba a ozembetsa, boma osatolera msonkho, ndipo pambuyo pake khoti linagamula kuti chiletsocho chinali chosemphana ndi malamulo a dzikolo. Dziko la Bhutan linaletsa kugulitsa fodya mu 2004, koma mu 2021 linabweza chiletsocho, ozembetsa atachuluka. Ku New Zealand anapanga lamulo mu 2022 loti wobadwa kuyambira 2009 asadzagulitsidwe fodya moyo wake wonse. Boma lotsatira linalichotsa mu 2024.

Ife sitikufunikira kupita kutali chotero. Chipata cha Muloza, cha pamalire ndi Mozambique, chili pakhomo pathu, ndipo njira zodutsa m'minda ndi kuwoloka mtsinje aliyense akuzidziwa. Chinthu chikaletsedwa kuno, chimagona ku Milange n'kudzuka chili pa Limbuli. Tikukumbukiranso masacheti a mowa. Kuwaletsa kuyambira 2015 kunali koyenera, chifukwa ana ankawabisa m'matumba a yunifolomu, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo, kachasu naye sanasowe. Lamulo limene silingatsatidwe limangophunzitsa anthu kuzemba ndi kupereka ya fanta.

Mawu omwe ndinayankhula ndi awa, ndipo ngati ndinapyola pomwe munandituma mudzandidzudzule. Utsi ukamalowa m'mphuno mwa mnzako amene sanaupemphe, kaya mwana ali kumsana m'minibasi, kaya mtsikana wogulitsa m'bala usiku wonse, boma lilowerere ndithu, lisachitenso manyazi. Koma munthu wamkulu wa imvi zake, atakhala yekha pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yake, boma limutsine khutu, limuuze zoona zonse, limuthandize akafuna kusiya, koma lisamumange manja ngati khanda. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo kutsinako kuchitike m'chinenero chomwe munthuyo akumva: chenjezo likhale m'Chichewa, ndi zithunzi zomwe ngakhale wosawerenga aziona. Ndinafunsanso kuti wofuna kusiya apite kuti, auzidwe chiyani, apatsidwe chiyani. Yankho lake linali losakhutiritsa, ndipo ndinapempha kuti funsoli lilembedwe.

Mlimi wina wochokera cha ku Phalombe anandikhudza mtima. Anati akamauzidwa kuti asiye fodya alime zina, amakumbukira 2017, pamene India inachepetsa kugula nandolo, mitengo n'kugwa, matumba n'kufumbwa m'nyumba. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Msika wa mbewu zinazo uyambe waoneka. Gawo 17 la panganoli likunena zomwezo, zoti alimi athandizidwe, choncho sanapemphe chachilendo.

Tsopano mbali yowawa, ya ifeyo. Mfumu ina inatiloza chala a maokala kuti timagulitsa ndudu kwa mwana aliyense amene wanena kuti "andituma adadi". Ndinalibe choyankha, chifukwa inenso ndachitapo, ndikudziwa bwino kuti theka la anawo sanatumidwe ndi munthu. Sitingakakamire kuti boma litilemekeze ngati akuluakulu pomwe ife tikudya ndalama ya ana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikapanda kudziletsa tokha, amene akufuna kutseka zonse adzakhala ndi chifukwa chomveka.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wa Loweruka tigwirizane kuti membala aliyense aleke kupereka fodya kwa mwana, ngakhale wotumidwa. Bambo akafuna abwere yekha. Tikambiranenso zopempha a komiti ya msika kuti apatule malo osutira kutali ndi mashedi a nsomba, tomato ndi zophikaphika. Anatipatsa mpata wotumiza maganizo athu olemba, ndiye a Mlembi abwere ndi kope, ndipo amene sakugwirizana nane pa nkhani ya ndudu imodzi-imodzi abwere adzanene, tilembe zonse ziwiri ngati kungafunike.

Ndalama yomwe inatsala pa thiransipoti ndapereka kale kwa a Msungichuma, pamodzi ndi mapepala omwe anatigawira, kuti wofuna kuwerenga akabwereke kumeneko.

Ine nthumwi yanu.