Mayina a anzawo a agogo aja

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Bangula dzuwa la Novembala likuotcha monga mukulidziwira. Mvula sinagwe, ndipo usiku tikugona pabwalo.

Lamulungu lapitali ndinakhala pansi pa mtengo wa nimu uja ndikumvera pa wailesi mwambo wokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo. Itakwana 11 koloko, ola limene mfuti za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zinaleka kulira ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, kunangoti zii, kenako lipenga. Ndinavula chipewa ndili ndekha, ndipo maganizo anandifikitsa kwa agogo anu aamuna ndi mendulo zawo za Keyala (gulu la asilikali la King's African Rifles) zija ankasunga m'kachitini. Tili ana tinkawaumiriza kuti atiuze za ndege ndi mfuti za ku Burma, kumene anakamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Iwo ankayamba kutchula anzawo amene anatsala m'nkhalango zakumeneko, mmodzimmodzi ndi mudzi wake womwe, ife n'kumangoti apitirire pa nkhani ya ndege. Ndayesa sabata yonseyi kukumbukira ngakhale dzina limodzi, koma ayi ndithu. Zikundiwawa kwambiri.

Ena amati nkhondo zimenezo zinali za azungu, ife sizikutikhudza. N'zoona kuti sitinaziyambe ndife, ndipo John Chilembwe analemba kalata mu 1914 kudandaula kuti anthu akuda akukafera mkangano wa eni. Koma magazi anakhetsedwawo anali athu. Pa chipilala cha ku Zomba pali mayina a asilikali. Nanga amtengatenga, anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino amene ankasenza zipolopolo ndi ufa pamutu pa nkhondo yoyamba ija? Ambirimbiri anafa ndi njala ndi matenda m'njira, osalembedwa paliponse. Abale awo sanakumbe manda, sanamete.

Ndipo nkhaniyi sinathere kwa agogo. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni ku Congo pa ntchito yosungitsa mtendere. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala. Wa ku Tanzaniayo anachira. Chaka chotsatira United Nations inapereka mendulo yaulemu kwa banja la Chitete.

Ife a kuchigwa kuno nkhondo sitichita kuimva pa wailesi pokha. Mukukumbukira anthu a ku Mozambique akulowa pa Marka, ana kumbuyo, mphasa pamutu, ndi mfuti zikumveka usiku kutsidya, mpaka mu 1992. Ndiye ndikaona mnyamata wovala yunifolomu, monga aja anabwera ndi maboti kudzatenga anthu pa madzi a Freddy mu 2023, ndimayamba ndaganiza za mayi ake.

Tsono pempho langa ndi ili. Kachitini kaja ndikuganiza kali kwa achemwali anu ku Tengani. Muwaimbire foni andilole kukaona mendulozo ndi mapepala aliwonse amene agogo anasiya. Ndagula kope, ndipo ndikufuna ndiyende kwa akuluakulu amene atsala, kuyambira ku Chiromo mpaka ku Marka, ndilembe mayina a makolo awo amene anapita kunkhondo osabwerako. Ndiyambe madzi asanatseke njira. Ngati inu mukukumbukira dzina lililonse limene agogo ankatchula, ngakhale la mudzi lokha, munditumizire pa WhatsApp.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine mnzanu wa ku Bangula