Kalata yotseguka kwa Pulezidenti wa Chessam, bungwe la chess m'Malawi: mutikumbukire ife amene tinayamba chess titakula

Bwana Pulezidenti,

Ndikulemba m'malo mwa aphunzitsi, anamwino, madalaivala ndi ogulitsa mumsika amene tinayamba kukankha pawn tili kale ndi ana pakhomo. Pempho lathu ndi limodzi: mutikonzere mipikisano ya masewera aatali, yolembetsedwa ku FIDE (bungwe la chess la dziko lonse lapansi), yochitika Loweruka ndi Lamlungu, yokhala ndi gawo la osewera a rating (nambala yoyeza luso la wosewera) yotsika.

Kuika mtima pa ana a sukulu n'koyenera ndithu. Gukesh wa ku India anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi mu 2024 ali ndi zaka 18, ndipo mnansi wathu Amon Simutowe wa ku Zambia, amene anakhala Grandmaster (udindo wapamwamba wa osewera chess) mu 2009, anayamba ali mwana. Ife sitilota zimenezo. Munthu wa zaka 40 amangofuna kuchoka pa rating ya 1500 n'kufika pa 1800, ndipo zimenezi n'zotheka akapeza malo oyenera osewerera.

Zimene wamkulu ali nazo lero ndi foni. Ana akagona, amatsegula Lichess, tsamba la chess la pa intaneti, n'kusewera blitz, masewera othamanga a mphindi zitatu, mpaka bando itatha. Dzanja limathamanga, mutu n'kutsalira, ndipo cholakwa cha dzulo amachibwerezanso lero osadziwa. Masewera aatali ndi ena. Umalemba kuyenda kulikonse papepala, umakhala mphindi khumi ukuwerengera ngati hatchi yako ingatuluke pamene ukufuna kuilowetsapo. Masewera akatha, wopambana ndi wogonja amabwezeretsa zonse pabolodi n'kufunsana kuti, "Apa achimwene mumaopa chiyani?" Stockfish, pulogalamu ya chess ya pakompyuta, imakuuza kuti wayenda molakwika, koma siingakuuze chimene chinakuchititsa mantha. Zimenezo amakuonetsa ndi mnzako amene anakhala moyang'anizana nawe maola awiri.

Taonani mathero a rook ndi pawn imodzi, aja amatchedwa Lucena. Mfumu yako yatsekeka kutsogolo kwa pawn, ndipo ikangotuluka rook ya mdani imaipatsa check (kuiopseza) mosalekeza. Mankhwala ake ndi kuyamba waika rook yako pamzere wachinayi kuti idzatchinge mfumu ikamatsika. Pa blitz munthu amangosewera mwamwayi, wotchi n'kuweruza. Koma amene anataya theka la pointi pamenepa atalimbana masana onse amapita kunyumba kukaphunzira, ndipo saiwalanso.

Malamulo a FIDE amatipeputsira ntchito. Osewera onse awiri akakhala pansi pa 1800, mphindi 60 aliyense n'zokwanira kuti masewerawo awerengedwe pa rating ya masewera aatali. Ndiye kuti masewera atatu Loweruka ndi awiri Lamlungu masana, anthu atachoka kutchalitchi, n'zotheka popanda wina kupempha tchuthi kuntchito. Masewera asanu ndi amenenso munthu watsopano amafunika kusewera ndi anthu a rating kuti apeze yakeyake.

Palinso nkhani ya K, nambala imene imanena kuti rating isunthe motani. Wamkulu akakwanitsa masewera 30, K yake imatsika kuchoka pa 40 kufika pa 20, pamene mwana wosakwana zaka 18 amakhalabe pa 40 malinga ngati sanafike 2300. Choncho ife timakwera pang'onopang'ono, ndipo tikamasewera mpikisano umodzi kapena iwiri pachaka, rating imangoima ngakhale luso litakula. Ambiri amagwa mphwayi pamenepa n'kubwerera ku foni.

Kugawa osewera si chinthu chachilendo. Mpikisano wa dziko lonse lapansi wa osewera osakhala akatswiri uli ndi magawo a pansi pa 1700, 2000 ndi 2300, ndipo wa achikulire uli ndi gawo la zaka 50 ndi la zaka 65. Viktor Korchnoi anapambana wa achikulirewo mu 2006 ali ndi zaka 75. Munthu amaphunzira zambiri akamalimbana ndi amene akumuposa pang'ono kusiyana ndi kugonja kwa wa m'timu ya dziko masewera asanafike n'komwe pakati.

Mphoto zikuluzikulu sitikuzifuna. Kalasi imodzi pasukulu, mabolodi, mawotchi, mapepala olembapo, woweruza wovomerezeka, ndi chipinda china chapambali choti omaliza azikaunikiramo masewera awo, basi. Ndalama yolowera tilipira tokha. Mungotulutsa ndandanda wa masiku mu Januwale, wa Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, kuti tikonzeretu ya thiransipoti. Ambiri mwa ife ndi omwewo amene timayendetsa makalabu a chess m'sukulu, ndipo mphunzitsi wosadziwa mathero a rook sangawaphunzitse kwa mwana.

Chonde nkhaniyi muiike pa zokambirana za komiti yanu ndandanda wa chaka chamawa usanatuluke.

Ine wanu,
Mphunzitsi wosewera chess, Zomba