Chinsinsi cha ma quarterback achinyamata chili m'thumba

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa za anyamata amene akuchita bwino msanga pa udindo wa quarterback (wotsogolera timu poponya mpira) mu NFL, ligi ya mpira wa ku America wogwira ndi manja. Ambiri amati ndi luso basi. Ine ndikuti tiyambe taona za ndalama.

Mu 2011 mgwirizano wa osewera ndi eni matimu unaika malire pa malipiro a osewera atsopano. Izi zisanachitike, mu 2010, quarterback watsopano Sam Bradford anali atalonjezedwa madola 50 miliyoni asanaponye mpira ndi umodzi womwe mu ligiyi. Lero mnyamata wotere ndi wotchipa, ndipo popeza timu iliyonse ili ndi mlingo wa ndalama womwe singapyole, zotsalazo imalembera akatswiri omutchinga, omuwakhira mipira ndi otseka kumbuyo. Umu ndi mmene timu ya Seattle inatengera Super Bowl, masewero a ndime yomaliza ya ligiyi, mu 2014, quarterback wake Russell Wilson ali m'chaka chake chachiwiri. Quarterback wina, Brock Purdy, yemwe anasankhidwa pomalizira penipeni pa osewera atsopano mu 2022, anakafika ku Super Bowl ndi San Francisco.

Makochi nawonso anasiya kukakamira zakale, akutengera kaseweredwe ka m'makoleji komwe anyamatawa anazolowera. Malamulo akuteteza anyamatawa: kugunda quarterback ataponya kale mpira ndi mlandu.

Koma quarterback Patrick Mahomes, ndivomere, ma touchdown (zigoli) 50 amene anaponya mu 2018 linali luso ndithu.

Wokonda masewera,
Zomba