Lipoti la msonkhano wa ma WUA (mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi m'madera), makamaka za thanki yathu ija

Moni a tcheya ndi nonse a bodi, ndabwerako bwino ku boma kuja munandituma. Zinakambidwa zambiri koma ndingonena zotikhudza ife.

Nkhani yaikulu ndi yoti ntchito yomanga thanki ya madzi sitingangomupatsa mkulu tinagwirizana naye pakamwa uja ayi. WUA yathu inalembetsedwa ngati trust, kutanthauza kuti ndalama zimene amayi amalipira pa mpopi ife timangosungira, zikayenda molakwika oyankha ndife a bodi ndi mayina athu. Ndipo ngati ndalama ina ichokera ku khonsolo imeneyo ndi ya boma, imayendera malamulo a PPDA (bungwe loona za kagulidwe ka zinthu m'boma), pa ntchito zazing'ono makotesheni osachepera atatu olembedwa, zikuluzikulu mpaka kulengeza tenda. Kontilakitala akhale wolembetsedwa komanso aonetse pepala la MRA kuti msonkho amalipira. Amene ali ndi m'bale wake pakati pa ofuna ntchitowo aneneretu, atuluke panja posankha, zilembedwe mu maminitsi. Apa muholo munangoti zii, ine ndemwe ndinayang'ana pansi.

Pa kalipiridwe ndi pomwe ndinamva kuwawa. Mukukumbuka wa mapaipi uja tinamupatsa zonse ntchito isanathe, anakwirira mapaipi osafika ndi m'bondo momwe, ngolo itangodutsa kamodzi anaphulika, ife nkumakumba tokha ndi makasu iye foni atazimitsa. Ku msonkhano kuja akuti tizilipira pang'onopang'ono malinga ndi pomwe ntchito yafika, munthu wa zamadzi wa ku khonsolo ataiona, kenako kusungako kagawo kena mpaka papite miyezi yomwe talemba mu kontilakiti, chikaonongeka abwere akonze ndi ndalama zake.

Za mjigo woti uzidzaza thankiyo, lamulo la zamadzi la 2013 likufuna chilolezo cha NWRA (bungwe la boma loyang'anira za madzi) tisanayambe kupopa, nawo okumba akhale odziwika kumeneko. Malo omangapo thanki amfumu ndi mwini munda asaine pepala, zongoti "mangani ana anga" mawa adzukulu adzatithamangitsa.

Chomwe sindinagwirizane nacho kwenikweni ndi mapepala kuchuluka, kwa ife osalipidwa ndi chintchito, koma pulani ndi bajeti zikuyenera kudutsa ku General Assembly (msonkhano waukulu wa WUA yathu) basi, sitingazembe.

Ndiye Loweruka tikumane, a msungichuma mubwere ndi sitetimenti ya ku banki, a mlembi buku la maminitsi. Mkulu wa thanki uja ndimuuza ndekha kuti abweretse kotesheni ngati anzake onse.